Kuphunzitsa Ana Oyamba Kusoka m'Sukulu za m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Mawu Oyamba

Mwa maphunziro onse amene mphunzitsi wa ku pulayimale ayenera kuphunzitsa, kusoka ndi limodzi mwa maphunziro osavuta kuwazemba. Mphunzitsi angathe kulemba pa bolodi mayina a misoko inayi, ana nakopera m'makope mwawo, naloweza, nakhoza mayeso, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene wagwirako singano. Zipatso za kaphunzitsidwe kotere zimaoneka ana akafola m'mawa: malaya opanda mabatani, madiresi omasuka mpendero, akabudula ong'ambika, ndi makope onyowa chifukwa chosowa monyamulira. Mwana wa zaka 12 chovala chikamung'ambikira pochititsa manyazi sauza mphunzitsi. Iye amangojomba, ndipo akajomba tsiku limodzi kubwerera kumayamba kumulemera.

Nkhani ino yalembedwera inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, makamaka amene mudzatumizidwa ku sukulu za m'minda ya tiyi m'boma la Thyolo. Cholinga chake ndicho kulongosola mmene mungatengere mwana amene sanagwirepo singano kufikira atasoka yekha chinthu chothandiza, ngakhale kalasi ili yaikulu ndipo zipangizo zili zochepa.

Kumene Phunziroli Lachokera

Kusoka ndi phunziro lakale m'sukulu za dziko lino. Pa Blantyre Mission, imene inakhazikitsidwa mu 1876, atsikana anali kuphunzira kusoka ndi kuchapa pamodzi ndi kuwerenga. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene Mbusa John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, akazi awo, Mayi Ida Chilembwe, anali kuphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Sukulu ya Jeanes itatsegulidwa ku Domasi mu 1929, akazi a aphunzitsi amene anali kuchita maphunziro kumeneko nawonso anali kuphunzitsidwa ntchito za pakhomo kuti akaphunzitse anzawo kumidzi.

Kwa zaka zambiri kusoka kunali phunziro lapalokha, la atsikana okha, anyamata ali kunja kusema mipini ndi kuluka mphasa. Silabasi imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2007 inaphatikiza kusoka ndi kuimba, kuvina, kujambula ndi masewera m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts, la anyamata ndi atsikana omwe. Ubwino wake ngwakuti khomo linatsegukira mwana aliyense. Kuopsa kwake nkwakuti mphunzitsi wosowa zipangizo amathawira ku nyimbo ndi mpira, zimene sizifuna singano, nasiya kusoka kukhala nkhani ya pa bolodi. Kumbukiraninso kuti maphunziro aulere atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu za pulayimale chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Njira zakale za mphunzitsi wokhala pakati pa atsikana khumi sizingagwirenso m'kalasi ya ana 80 popanda kuzikonzanso.

Mwana wa m'Minda ya Tiyi

Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo mu 1908. Minda inakula m'zaka zotsatira, monga wa Satemwa umene unayamba mu 1923, ndipo anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, anadzakhazikika kuno chifukwa cha ntchito. Ana amene mudzawapeza m'kalasi ena ndi a m'makomboni, ena ndi a m'midzi yozungulira minda, kumene malo olima ali ochepa kwambiri. Pali zinthu zitatu za moyo wa kuno zimene ziyenera kulamulira kakonzedwe ka phunziro lanu.

Choyamba ndi nyengo yothyola. Tiyi wambiri amathyoledwa m'dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo. Makolo amalawirira mbandakucha nabwera madzulo atatopa, motero ana okulirapo, makamaka atsikana, ndiwo amatsala ndi makanda. M'miyezi imeneyi kujomba kumachuluka. Ntchito ikachepa m'chilimwe, ena mwa amene analembedwa kwa nyengo chabe amabwerera kwawo ndi ana awo. Chinthu chosoka chimene chifuna masabata khumi otsatizana chidzasiyidwa panjira ndi ana ambiri.

Chachiwiri ndi chinyezi. Thyolo ndi dziko la mvula ndi nkhungu, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha masiku angapo chisanakanganuke. Masingano amachita dzimbiri msanga, nsalu yosungidwa pansi imachita nkhungu, m'kalasi mumachita mdima, ndipo zala za ana zimauma ndi chisanu. Dothi lofiira la kuno nalonso likagwira nsalu yoyera silichoka msanga.

Chachitatu ndi kutha kwa zovala. Munthu wothyola tiyi amayenda tsiku lonse pakati pa mitengo yodulidwa yolekeza m'chiuno, dengu lili kumsana. Zovala zake zimaperepeseka m'chiuno ndi m'mapewa, ndipo sizikhalitsa. Zovala za kaunjika, zimene zinachuluka m'misika kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kawirikawiri zimabwera zazikulu, zazitali kapena zosowa batani. Pakhomo potere mwana wodziwa kupenda ndi kuika chigamba amapulumutsa ndalama imene ikanapita kwa telala. Apa ndiye pagona chidwi cha ana, ndipo mphunzitsi wanzeru adzayambira pomwepa.

Kupeza ndi Kusunga Zipangizo

Musayambe phunziro ndi mawu akuti aliyense abwere ndi nsalu yatsopano mawa. Amene alibe sadzabwera konse. Makamaka pewani kupempha ndalama mu Januwale ndi Febuluwale, pakuti ngakhale ntchito imachuluka ku minda, iyi ndi miyezi imene chimanga chimakwera mtengo. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu kuti zofunika kugula zigulidwe pamodzi, zikhale katundu wa sukulu.

Zoyenera kugula ndi zochepa: masingano, ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu, mapini, sizasi ziwiri ndi tepi yoyezera imodzi. Posankha masingano dziwani kuti nambala ikamakwera singano imachepa. Ana oyamba amafuna singano ya diso lalikulu, ya nambala 5 mpaka 7. Singano yaing'ono kwambiri imathera nthawi yonse pa kulowetsa ulusi.

Zina zonse zipezeka popanda ndalama. Atelala a m'makonde ku Luchenza, ku Makwasa, ku Bvumbwe ndi pa boma amakhala ndi zidutswa za nsalu zimene ambiri sakaniza mphunzitsi akapempha mwaulemu. Chitenje chakale chimene chatha pakati chimakhala cholimbabe m'mbali. Malaya otha amapereka mabatani. Ziguduli ndi matumba a ufa kapena shuga ndi zabwino pophunzirira, chifukwa ulusi wake umaoneka ndipo mwana angathe kuuwerenga. Thumba la feteleza lichapidwe bwino lisanalowe m'kalasi, koma thumba lililonse limene munali mankhwala ophera tizilombo kapena udzu lisagwiritsidwe ntchito ngakhale litachapidwa. Tepi yoyezera mwana aliyense angadzipangire podula kachingwe ka katoni ndi kulembapo masentimita kuchokera pa rula.

Masingano asungidwe m'botolo louma lotseka bwino. Amene ayamba dzimbiri akwecheni ndi phulusa kapena mchenga wosalala, ndipo amene adyeka atayidwe m'chimbudzi, osati kudzala kumene ana amayenda opanda nsapato. Ntchito za ana zisungidwe m'katoni pamalo okwera, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina.

Kukonza Kalasi Yaikulu

Mphunzitsi amene aima kutsogolo ndi singano wamba naonetsa ana 80 saonetsa aliyense. Dzipangireni singano yaikulu ya nsungwi, yotalika masentimita 25, ndipo kungani chiguduli pa felemu ya timitengo. Sokani pamenepo ndi chingwe chofiira kuti ndi wa kumbuyo yemwe aone kumene singano yalowa ndi kumene yatulukira. Poonetsa, imani chammbali moyang'ana kumene ana ayang'ana. Mukayang'anizana nawo, dzanja lanu lamanja limaoneka kumanzere kwawo, ndipo adzasoka chobwerera.

Gawani kalasi m'magulu a ana asanu ndi atatu. M'gulu lililonse sankhani mtsogoleri, ndipo atsogoleriwo muwaphunzitse msoko watsopano dzulo lake kwa mphindi khumi. Mutu umodzi susenza denga: pamene inu muli ndi gulu limodzi, magulu ena asakhale manja lende kudikira. Mtsogoleri ndiye alandira masingano owerengeka nawabweza owerengeka. Singano imodzi ikasowa, kalasi isatuluke kufikira itapezeka.

Malamulo ena aphunzitsidwe tsiku loyamba lomwe. Manja asambidwe ndi kuuma nsalu isanagwiridwe. Singano kapena pini isaikidwe pakamwa kapena kubayidwa pa malaya. Ana atalikirane kuti wokoka ulusi asalase mnzake m'diso. Ulusi udulidwe ndi sizasi, osati ndi mano kapena lezala. Mwana akadzilasa atsuke pabalapo ndi madzi ndi sopo, ndipo singano imene yakhudza magazi isapatsidwe kwa wina. Tsiku la mdima tulutsani kalasi pa khonde, ndipo m'miyezi yozizira pemphani kuti phunziroli liikidwe dzuwa litakwera.

Masiku Oyamba

Musafulumire kupereka nsalu. Mwana wa Sitandade 3 kapena 4 ayambe ndi katoni kamene mwaboola mabowo pa mzere, nalowetsamo chingwe cha khonje kapena ulusi wa juzi yakale. Apa aphunzira chinthu chimodzi chokha, ndicho kulowa ndi kutuluka mosadumpha. Kenaka apite pa chiguduli, kumene adzawerenga ulusi: kukwera pa ziwiri, kupita pansi pa ziwiri. Akatha izi ndiye apatsidwe nsalu. Ikapezeka nsalu ya timabokosi ndi yabwino koposa, pakuti mizere yake imatsogolera singano.

Ulusi usatalike kupitirira kuchokera ku nsonga ya chala kufika pa chigongono, ndiwo masentimita pafupifupi 45. Ana amakonda ulusi wautali poganiza kuti apewa kulowetsanso, koma ulusi wotere umapotana, umamanga mfundo ndi kuduka. Dulani nsonga yake mopendekera kuti ilowe msanga m'diso la singano.

Aphunzitseninso kuyamba ndi kumaliza. Mfundo imaloledwa pa msoko wogwirizira wokha. Pa msoko wokhalitsa mfundo imapyola nsalu kapena kumasuka pochapa, choncho mwana ayambe ndi kumaliza posoka kawiri kapena katatu pamalo amodzi. Misoko yambiri ya ana imaphwasuka chifukwa cha kumaliza koipa, ngakhale pakati pake pali pabwino.

Misoko Inayi Yoyambira

Pano mawu akuti msoko akuimira mzere wonse, ndipo kulowa ndi kutuluka kumodzi kwa singano tikutcha sitichi, monga anenera atelala. Wosoka ndi dzanja lamanja amayambira kumanja kupita kumanzere.

1. Msoko wogwirizira, umene mabuku a Chingerezi amautcha tacking. Ntchito yake ndi kugwira nsalu ziwiri kuti zisasunthe pamene msoko weniweni ukusokedwa, ndipo pambuyo pake umasololedwa. Masitichi ake ndi aatali, pafupifupi sentimita imodzi. Usokedwe ndi ulusi wa mtundu wosiyana ndi nsalu kuti usavute kuona pochotsa. Ana amauona ngati ntchito yotaya nthawi. Aloleni ana awiri alumikize nsalu, wina atagwirizira wina ayi, ndipo kalasi iweruze yokha.

2. Msoko woyenda. Umasokedwa monga wogwirizira, koma masitichi ake ndi aafupi, mamilimita atatu kapena anayi, ndipo mpata wa pakati ufanane ndi sitichi. Poyamba musavutike ndi kuchepa kwa masitichi. Funani kuti afanane, pakuti kuchepa kumadza kokha dzanja likazolowera.

3. Msoko wobwerera m'mbuyo. Uwu ndiwo wolimba koposa mwa misoko ya pamanja, ndipo kumaso kwake umaoneka ngati wa makina. Singano ituluke patsogolo pang'ono, ibwerere kukalowa pamene sitichi yapita inathera, ndi kutulukiranso patsogolo, kupitirira pamene ulusi unatulukira. Kumaso kwa msoko sikukhala mpata, ndipo kuseri masitichi amasanjikizana. Ndiwo msoko wolumikizira chikwama ndi wokonzera kabudula wophwasuka.

4. Msoko wopendera. Pindani m'mphepete mwa nsalu theka la sentimita, pindaninso sentimita imodzi, tsindikani mpindowo ndi chikhadabo, ndi kugwirizira. Tsono singano itole ulusi umodzi kapena uwiri wa nsalu ya pansi, ndi kupyola mopendekera m'mphepete mwa mpindo. Kumaso kwa nsalu kuoneke timadontho chabe. Msoko uwu ndiwo wovuta mwa inayi, choncho ukhale womaliza.

Msoko uliwonse uphunziridwe pa kachidutswa kwa phunziro limodzi kapena awiri, kenaka ugwiritsidwe ntchito pa chinthu chenicheni. Ana amene amangosoka mizere pa zidutswa teremu yonse amagwa ulesi.

Zinthu Zoyamba Kusoka

Kabuku ka masingano. Dulani zidutswa zitatu za masentimita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi, chimodzi chikhale cha nsalu yokhuthala monga ya bulangete lakale. Zisanjikizeni, sokani mzere umodzi pakati ndi msoko woyenda, ndi kupinda ngati buku. Kamatha m'maphunziro awiri, ndipo mwana amaona msanga kuti manja ake atulutsa kanthu.

Kampango ka m'thumba. Nsalu ya masentimita 30 mbali zonse ipendedwe kuzungulira. Phunziro lalikulu pano ndi kudula motsata ulusi wa nsalu. Sololani ulusi umodzi ndi kudula motsata kanjira kamene wasiya. Nsalu yodulidwa mokhota siipendeka bwino ngakhale wosokayo ali waluso.

Chikwama cha mabuku. Ichi ndicho chinthu chimene ana a kuno amachifuna koposa, ndipo chimaphatikiza misoko itatu. Kasokedwe kake nkotere:

(a) Dulani nsalu ya masentimita 70 m'litali ndi 32 m'lifupi, ndi lamba wa masentimita 80 m'litali ndi 7 m'lifupi.

(b) Pindani nsaluyo pakati, kumaso kuli mkati, kuti ikhale 35 ndi 32. Mpindowo ndiwo pansi pa chikwama.

(c) Lembani mzere ndi choko sentimita imodzi kuchokera m'mphepete mbali zonse ziwiri, gwirizirani, ndi kusoka pa mzerewo ndi msoko wobwerera m'mbuyo. Chotsani ulusi wogwirizira.

(d) Pakamwa pa chikwama pindani sentimita imodzi, pindaninso masentimita awiri, ndi kupenda kuzungulira.

(e) Lamba mupinde sentimita imodzi mbali zonse zazitali, mumupindenso pakati, ndi kusoka m'mphepete.

(f) Lumikizani nsonga za lamba mkati mwa chikwama pa misoko ya m'mbali. Sokani kabokosi ka ngodya zinayi ndi mtanda pakati pake, pakuti apa ndipo pamagwera kulemera konse kwa mabuku.

(g) Tembenuzani chikwama. Chidzakhala masentimita 32 kutalika ndi 30 m'lifupi, chokwanira kope lalikulu.

Ana a Sitandade 6 angathe kuwerengera okha nsalu yofunika, ndipo potero masamu alowa m'phunziro la kusoka. Tiyerekeze chitenje cha masentimita 200 m'litali ndi 110 m'lifupi. M'lifupi mulowa zidutswa zitatu za 32, ndipo patsala kachingwe ka masentimita 14. M'litali mulowa zidutswa ziwiri za 70, ndipo patsala 60. Zikwama zakhala zisanu ndi chimodzi. Kachingwe ka 14 kaja katulutsa malamba anayi. Nsalu ya 60 yotsala ija itulutsa malamba awiri otsalawo, ndi timipango titatu pamwamba. Motero zitenje khumi zikwanira kalasi ya ana 60. Mphunzitsi amene apita kwa komiti ndi chiwerengero chotere amamveka msanga kuposa amene angoti akufuna nsalu.

Batani ndi chigamba. Posoka batani, ikani kamtengo ka machesi pamwamba pake ndi kusoka modutsa pa kamtengoko kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Chotsani kamtengo, kwezani batani, ndi kukulunga ulusi kangapo pansi pake. Kakhosi kameneka kamapatsa malo nsalu ya mbali inayo, ndipo batani lopanda khosi limathothoka msanga. Chigamba chidulidwe ku nsalu yochapidwa kale, pakuti yatsopano imafupika pochapa nikoka chovala. Chipitirire bowo ndi masentimita awiri kapena atatu mbali zonse kuti chigwire pa nsalu yolimba, ndipo ulusi wake uyende kumene ukuyenda ulusi wa chovala. Chiikidwe kuseri, m'mphepete mwake mutapindidwa, ndi kupendedwa. Kenaka kumaso chepetsani nsalu yothayo kuti bowo likhale la ngodya zinayi, chekani pang'ono m'ngodya, pindirani mkati, ndi kupendanso.

M'makalasi a Sitandade 7 ndi 8 misoko yomweyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito posoka nsalu zochapa zimene atsikana amadzisamalira nazo akakhala kumwezi. M'sukulu zambiri magulu a amayi amasoka kale zimenezi, chifukwa kusowa kwake kumajombetsa atsikana. Ntchito iyi iyendetsedwe ndi mphunzitsi wamkazi mogwirizana ndi amayiwo, ndi ulemu woyenera.

Kugawa Ntchito m'Chaka

Miyezi ya Seputembala mpaka Novembala ndi yowala ndi youma, ndipo ana amabwera bwino. Imeneyi ndiyo nthawi yophunzitsa misoko, kabuku ka masingano ndi kampango. Kuyambira Januwale mpaka Malichi sankhani ntchito zotha tsiku lomwelo, monga mabatani, mipendero yomasuka ndi zigamba zazing'ono, kuti amene wajomba sabata imodzi asapeze anzake atamusiya kutali. Khazikitsani tsiku limodzi pa mwezi loti ana abwere ndi chovala chochapa cha kunyumba chofuna kukonza. Chikwama chisokedwe kuyambira Meyi, pamene mvula yatha ndipo makolo akolola, kuti chidzakhale chokonzeka dzinja lotsatira lisanafike.

Zovuta Zimene Mudzakumana Nazo

Msoko wokwinyika umadza chifukwa chokoka ulusi kwambiri. Mwana aphunzire kusalaza msoko pakati pa chala chachikulu ndi cholozera akasoka masitichi angapo. Msoko wokhota umadza chifukwa chosalemba mzere. Ulusi wopotana ndi wautali, kapena wapotedwa posoka. Mwana alendeweretse singano kuti ulusi umasuke wokha. Musamasule ntchito yonse ya mwana pamaso pa anzake. Muonetseni masitichi atatu amene wasoka bwino, ndipo amasule yekha kuchokera pamene analakwira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwana wamanzere asakakamizidwe kusintha dzanja. Iye asoke kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo akhale moyang'anizana ndi mnzake wamanja kuti atsanzire ngati pa kalilole. Mwana amene ayandikitsa nsalu pamphuno, kapena alephera masiku onse kulowetsa ulusi, mwina ali ndi vuto la maso. Uzani makolo apite naye ku chipatala, monga cha boma ku Thyolo kapena cha Malamulo.

Anyamata ena adzati kusoka ndi ntchito ya akazi. Musakangane nawo. Afunseni kuti amene amapalasa makina pa khonde la sitolo kumsika ambiri ndi amuna kapena akazi, ndipo amene amasoka nsapato ndani. Ngati nkotheka itanani telala wa pafupi adzalankhule ndi kalasi za mmene anayambira. Mnyamata ayambe ndi chinthu chimene iye mwini achifuna, monga kusoka mpira wophulika msoko kapena thumba la kabudula lobooka.

Ntchito yoyesedwa isapite kunyumba isanathe. Ikapita imabwera itadetsedwa ndi utsi, kapena itamalizidwa ndi amayi kapena telala, ndipo mphunzitsi amapereka malikisi kwa munthu amene sali m'kalasi.

Kuyesa Ntchito

Funso lolemba lingathe kuonetsa kuti mwana adziwa dzina la msoko, koma dzanja lake liyesedwa ndi nsalu. Uzani ana zimene mudzayang'ana ntchito isanayambe. Pa malikisi 20 mungagawe motere: kulimba kwa msoko 6, kufanana kwa masitichi 4, kuyamba ndi kumaliza 4, kutsata miyeso 3, ukhondo 3. Tembenuzani chinthucho muone kuseri, ndi kukoka msoko pang'ono. Kukongola kwa nsalu kusalandire malikisi. Chikwama cha thumba la ufa chosokedwa bwino chipose cha chitenje chatsopano chosokedwa mwaulesi, ndipo ana adziwe zimenezi kuyambira pachiyambi. Potsekera teremu yalani ntchito zonse kuti makolo aone, osati za ana aluso okha, ndipo aliyense atenge chake.

Mawu Omaliza

Palibe mphunzitsi amene angaonetse msoko umene iye mwini sanausokepo. Musanapite kukayesera kuphunzitsa, aliyense wa inu, mwamuna kapena mkazi, asoke misoko inayi ija pa zidutswa, asoke chikwama chimodzi, aike batani ndi chigamba, ndi kusunga zonsezi m'failo pamodzi ndi singano yake ya nsungwi. Posoka lembani pamene dzanja lanu linavutika, chifukwa ndi pomwepo pamene ana adzavutikanso. Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana amene waphunzira kagwiridwe koyenera ka singano ali mu Sitandade 4 adzasunga luso limeneli ngakhale sukulu ataisiyira panjira, ndipo ena mwa ana otere ndiwo adzakhala atelala a ku Luchenza ndi ku Thekerani.

Zokambirana m'Magulu

1. Mwapatsidwa kalasi ya ana 90, masingano 30 ndi sizasi imodzi. Konzani phunziro la mphindi 35 la msoko wobwerera m'mbuyo, mosonyeza chimene gulu lililonse lidzakhala likuchita.

2. Werengerani timipango ta masentimita 30 timene tingatuluke m'chitenje cha masentimita 200 ndi 110, ndipo nenani chimene mungasoke ndi nsalu yotsala.

3. Kholo labwera kudzadandaula kuti mwana wake wamwamuna akuphunzitsidwa ntchito ya akazi. Mudzaliyankha bwanji?